Lidziweni Duwa Musanalibzale Pakhomo

Alimi anzanga, patsamba lino timakonda kukambirana za chimanga, fodya, mtedza ndi ziweto. Sabata ino ndati tiweruke kumunda, tifike pakhomo, tikambirane za maluwa ndi mitengo yokongoletsa pabwalo. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti maluwa sadyedwa. Zoona, sadyedwa. Koma masiku ano munthu akangokhoma malata amafunanso kabwalo kooneka bwino, ndipo m'mphepete mwa misewu ya ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu muli anthu amene akudyetsa mabanja awo pogulitsa mbande za maluwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi. Mlimi sagula mbewu ya chimanga asanafunse dzina lake, masiku amene imacha ndiponso dera limene imachita bwino. Koma duwa timangothyola nthambi kwa mnzathu chifukwa chakuti latikomera m'maso, n'kukaizika pakhomo pamene ana amasewera ndiponso mbuzi zimadutsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Maluwa ena ali ndi poizoni wotha kupha mwana kapena chiweto. Ena amathawa pakhomo n'kukalanda dambo lodyetsera ng'ombe. Mitengo ina imang'amba khoma la nyumba imene mwaivutikira zaka zambiri. Zonsezi zimapeweka ngati tilidziwa duwa tisanalibzale. Ndiponso duwa limene mwalidziwa silivuta kulisamala, pakuti mumadziwa kale chimene limafuna.

Chifukwa chake maina ake ndi achilendo

Maluwa ambiri amene timawaona m'makomo anachokera kunja. Bougainvillea ndi jakaranda kwawo ndi ku South America. Poinsettia ndi marigold anachokera ku Mexico. Flamboyant, mtengo uja wa maluwa ofiira ndi nyemba zazitali, ndi wa ku Madagascar. Ambiri analowa m'dziko muno m'nthawi ya atsamunda kudzera m'mamishoni, m'maesiteti ndi m'minda ya boma. Munda wa zomera wa ku Zomba unayamba mu 1891 m'manja mwa Alexander Whyte, ndipo ntchito yake ina inali kuyesa zomera zochokera kunja.

N'chifukwa chake maluwawa alibe maina a Chichewa, ndiponso agogo athu sanatisiyire malangizo ake monga anachitira ndi nkhadze kapena nsatsi. Wogulitsa naye nthawi zina sadziwa dzina lenileni. Duwa lililonse lofiira amangoti ndi rozi. Motero tiyenera kudalira maso athu, mphuno yathu ndi mpeni wathu.

Zinthu zisanu zoyang'ana

Choyamba ndi utomoni. Dulani katsamba kapena kansonga ndi mpeni, muone chimene chikutuluka. Mukaona utomoni woyera ngati mkaka, chenjerani. Poinsettia, croton wa masamba amawangamawanga, ndi kachitsamba kaminga ka maluwa ofiira kotchedwa crown of thorns, onsewa ndi a banja limodzi ndi nkhadze, ndipo aliyense akudziwa chimene nkhadze imachita ikalowa m'maso. Frangipani nayenso ali ndi utomoni woyera woyabwa. Si chomera chilichonse cha utomoni woyera chimene chimapha, pakuti papaya naye ali nawo. Komanso chomera chopanda utomoni woyera chikhoza kukhala choopsa. Utomoniwo ndi chenjezo chabe lakuti musambe m'manja ndiponso mufunse.

Chachiwiri ndi kakhalidwe ka masamba pa nthambi. Onani ngati akutuluka limodzilimodzi mosinthana mbali, awiriawiri moyang'anana, kapena atatuatatu mozungulira mfundo imodzi. Chizindikiro chimenechi sichisintha ngakhale chomera chikhale chilibe maluwa. Masamba amatiuzanso za madzi. Ochindikala ndi amadzimadzi ngati a alovera ndi a chomera chimene chimasunga madzi chokha, ndipo chimaola mukachithirira kwambiri. Otambalala, opyapyala ndi ofewa kawirikawiri ndi a chomera cha pamthunzi chokonda chinyezi. Ang'onoang'ono, olimba kapena otuwa ndi a chomera chopirira dzuwa.

Chachitatu ndi tsinde. Lipsipsinyeni pakati pa zala. Kodi ndi lobulungira kapena lili ndi ngodya zinayi? Lili ndi minga? Ndi lolimba ngati mtengo kapena ndi lofewa? Chomera cha tsinde lolimba chidzakhala pamalopo zaka zambiri, choncho malo ake muwaganizire bwino.

Chachinayi ndi duwa lenilenilo ndi chipatso chake. Chipatso ndicho chimakopa ana ndi mbalame. Musabzale chitsamba pafupi ndi khomo musanaone kapena kufunsa chimene chimabereka.

Chachisanu ndi fungo. Tikitani tsamba, mununkhize. Lantana, marigold ndi geranium mungathe kuwadziwa ndi mphuno yokha. Koma musalawe. Lilime si chida choyesera maluwa.

Maluwa ofunika kusamala nawo

Woyamba ndi oleander. Ndi chitsamba chotalika kuposa munthu, cha nthambi zambiri zochokera pansi. Masamba ake ndi aatali, opapatiza, olimba ngati chikopa, ndipo kawirikawiri amatuluka atatuatatu pa mfundo imodzi. Maluwa ake amakhala apinki, oyera kapena ofiira kunsonga kwa nthambi. Anthu amamukonda chifukwa amapirira chilala ndipo safuna ntchito. Koma chilichonse pa chitsambachi, kuyambira muzu mpaka duwa, chili ndi poizoni amene amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo poizoniyo satha ngakhale masamba aume. Ziweto sizikonda kumudya ali chiimire chifukwa ndi wowawa. Ngozi imabwera pamene mwadulira n'kutaya masamba padzala kapena pafupi ndi khola, makamaka m'chilimwe pamene mbuzi zikudya chilichonse. Nthambi zake musasonkhere moto, pakuti utsi wakenso ndi woipa. Musasemepo mthiko, mswachi kapena mpani wootchera nyama.

Wachiwiri ndi mbale wake wa maluwa achikasu, amene ena amachita naye mpanda. Masamba ake ndi opapatiza kwambiri ndi onyezimira, maluwa ake ali ngati kabelu kachikasu, ndipo chipatso chake ndi chobiriwira, chokhala ndi ngodya, chimene chimada chikakhwima. M'kati mwake muli njere zimene ana amatola kuti aziseweretsa. Njere zimenezi zili ndi poizoni wamphamvu wa mtima. Pa sukulu, pa tchalitchi, pa mzikiti ndi pakhomo pa ana aang'ono, ine ndimalangiza kuti mitundu iwiriyi izulidwe ndithu.

Wachitatu ndi wa m'nyumba. Dieffenbachia ndi chomera cha mumphika cha tsinde ngati la nzimbe ndi masamba akuluakulu obiriwira okhala ndi mawanga oyera kapena achikasu pakati. Mwana akatafuna tsamba lake, m'kamwa mumatentha, lilime ndi kukhosi zimatupa mpaka kulephera kulankhula. Ngati mukuchifuna, chiikeni pamwamba pamene mwana wokwawa sangafikire.

Wachinayi ndi wathu wa konkuno. Flame lily amamera yekha m'tchire nthawi ya dzinja. Amayanga pa udzu ndi pa zitsamba pogwiritsa ntchito nsonga za masamba ake zimene zimapotana ngati kambedza, ndipo duwa lake ndi lofiira ndi chikasu, lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto. Anzathu a ku Zimbabwe analisankha kukhala duwa la dziko lawo. Koma pansi pake pali kachimbatata kamene kali ndi poizoni wakupha. Ngati mwakumba kuti mukabzale, musakasiye m'khitchini kapena m'lichero momwe mumaika mbatata ndi zilazi.

Ngozi ikachitika musataye nthawi. Utomoni ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani kuchipatala ngati ululu sukuleka. Mwana akadya tsamba, njere kapena muzu, chotsani zotsala m'kamwa, musamukakamize kusanza, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, chifukwa poizoni wina amayamba kuonekera patapita maola. Tengani nthambi ya chomeracho kuti adokotala aione. Chikakhala chiweto, itanani alangizi a ziweto msanga.

Maluwa othawa pakhomo

Pali maluwa ena amene sakhala pamene mwawaika. Lantana ndiye mkulu wawo. Tsinde lake lili ndi ngodya zinayi ndi timinga ting'onoting'ono, masamba ake ndi okhakhala, otuluka awiriawiri, a fungo lamphamvu. Timaluwa take timakhala m'timagulu, ndipo kagulu kamodzi kamakhala ndi mitundu iwiri kapena itatu, monga chikasu, olenji ndi pinki. Tizipatso take timayamba tobiriwira n'kuda tikapsa. Mbalame zimadya n'kukamwaza njere m'madambo, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'nkhalango, ndipo kumeneko amachita ziyangoyango zimene udzu sumera pansi pake. Ng'ombe ikadya masamba ake chiwindi chimaonongeka, m'maso mumachita chikasu, ndipo khungu la pamphuno ndi malo ena oyera limasupuka ndi dzuwa. Tizipatso tosapsa ndi toopsa kwa ana. Kudula kapena kutentha sikumupha, amaphukanso. Muzuleni ndi chitsa chomwe nthaka ikadali yofewa.

Namasupuni nayenso anafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa maiwe, kuchokera kwawo ku mtsinje wa Amazon. Ali ndi duwa lokongola la mtundu wa pepo ndi masamba onyezimira okhala ngati supuni. Pa madzi a chonde amatha kuchuluka kawiri m'masabata awiri okha. Asodzi a mu mtsinje wa Shire akudziwa mmene amatsekera njira za mabwato, ndipo iye pamodzi ndi zomera zina za m'madzi wakhala akusokoneza makina opangira magetsi ku Nkula. Mu 2000 akatswiri a bungwe la IUCN anatulutsa mndandanda wa zamoyo 100 zoononga kwambiri zikalowa m'dziko lachilendo, ndipo lantana ndi namasupuni onse alimo. Musamusunge m'beseni, ndipo musamuponye m'damu la nsomba kapena la ulimi wothirira.

Deliya, wa maluwa achikasu amene amadzaza m'mphepete mwa misewu pakutha pa dzinja, nayenso ndi mlendo wochokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Masamba ake ndi abwino pa kompositi. Dulani amene alipo kale asanabereke njere, mugwiritse ntchito, koma palibe chifukwa chomubzalira pabwalo.

Mitengo ndi khoma la nyumba

Mbande ya jakaranda kapena flamboyant m'chubu imaoneka yosalakwa. Pakatha zaka khumi ndi mtengo waukulu. Flamboyant amayala mizu yake pamwamba, imene imatukula simenti ya pakhonde. Mitengo ya banja la kachere, kuphatikizapo ija yogulitsidwa m'miphika ya masamba onyezimira, mizu yake imalondola chinyezi mpaka kulowa m'mapaipi ndi m'zimbudzi. Mitengo yotere ibzalidwe pa mtunda wosachepera mamita 10 kuchokera pa nyumba, pa chitsime ndi pa chimbudzi, ndipo isakhale pansi pa mawaya a magetsi. Ngati poloti yanu ndi yaing'ono, monga zimakhalira pa malo ochitira malonda, bzalani frangipani, amene satalika kwambiri, kapena zitsamba.

Maluwa abwino ndi zimene amafuna

Bougainvillea ndiye duwa la munthu wa madzi ochepa. Ndi chitsamba choyanga cha minga. Zimene timazitcha maluwa ake, zofiira, zapinki, zoyera kapena zaolenji, ndi masamba opyapyala ngati pepala. Duwa lenileni ndi kakang'ono koyera kamene kali pakati. Amafuna dzuwa la tsiku lonse ndi nthaka yosasunga madzi. Anthu ambiri amadandaula kuti wawo ali ndi masamba okhaokha. Chifukwa chake chimakhala mthunzi, madzi ochuluka kapena feteleza wa yuriya, amene amakulitsa masamba. Akagwira, mchepetsereni madzi, ndipo adzachita maluwa m'chilimwe pamene zina zonse zauma. Dulirani maluwa akatha. Chifukwa cha minga yake, amakhala mpanda wabwino.

Hibiscus mungamudziwe mukayang'ana duwa la therere, la thonje kapena la chidede, pakuti onsewa ndi banja limodzi: duwa lotambasuka lokhala ndi kamtengo pakati. Alibe poizoni, ndipo mbuzi zimamukonda, choncho mtchingireni adakali wamng'ono. Duwa limodzi limakhala tsiku limodzi kapena awiri n'kugwa. Amenewo si matenda. Koma maluwa akamayoyoka asanamasule, ndiye kuti mukuthirira modukizadukiza kapena pali nsabwe kunsonga. Mosiyana ndi bougainvillea, iyeyu amafuna manyowa ndi madzi okhazikika.

Rozi amachita bwino kumalo ozizirira monga ku Dedza, Zomba, Thyolo, Mulanje ndi Mzuzu. Kunyanja ndi kuchigwa cha Shire amavutika ndi kutentha. Amafuna dzuwa la maola osachepera 6, manyowa ambiri ndi madzi othira patsinde, osati pamasamba, chifukwa masamba onyowa amagwidwa ndi madontho akuda. Dulirani mu Julayi. Chotsani nthambi zouma ndi zopingasana, musiye zamphamvu zitatu kapena zisanu, muzidule msinkhu wa m'mawondo, pamwamba pa diso loyang'ana kunja. Marozi ambiri ogula ndi omezanitsa ngati mango. Mphukira yotuluka kunsi kwa pamene anamezanitsa ichotsedwe, apo ayi idzalanda chakudya chonse ndipo mudzatsala ndi rozi wachabechabe.

Poinsettia amafiira masamba a kunsonga pamene usiku watalika. Ku Ulaya zimenezi zimachitika pa Khirisimasi, koma kuno kwathu ndi m'nyengo yozizira, cha mu Meyi mpaka Julayi. Mukamubzala pansi pa babu loyaka usiku wonse, safiira bwino. Utomoni wake umayabwa, koma si woopsa ngati oleander. Kufiira kukatha, mduleni kwambiri kuti aphuke nthambi zambiri.

Amene akufuna maluwa a msanga afese marigold ndi zinnia. Amamera m'sabata imodzi, amachita maluwa m'miyezi iwiri, ndipo njere zake mumasunga nokha m'botolo louma. Marigold alinso ndi phindu kudimba: mizu yake imachepetsa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya tomato ndi fodya. Koma zimenezi zimatheka pamene mwamubzala mothinana pa bedi lonse kwa miyezi iwiri kapena itatu musanaikepo tomato. Mitengo iwiri kumapeto kwa bedi sithandiza kwenikweni.

Pamalo ponyowa, monga pamene pamathera madzi a kubafa, bzalani canna, wa masamba ngati a nthochi. Pakhonde la dzuwa ikani geranium kapena alovera. Pakhonde la mthunzi ikani zomera za masamba ofewa.

Dothi, kubzala ndi kuthirira

Maluwa ambiri a m'miphika amafa ndi madzi, osati ndi ludzu. Mphika, chitini kapena ndowa yakutha ziyenera kukhala ndi zibowo pansi. Dothi lake sakanizani motere: ndowa ziwiri za dothi lakuda la pamwamba, ndowa imodzi ya manyowa oolerana bwino, ndi ndowa imodzi ya mchenga wa kumtsinje. Kwa alovera ndi anzake onjezani mchenga. Manyowa aawisi, makamaka zitosi za nkhuku, amatentha mizu.

Zitsamba zibzalidwe mvula itakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Kumbani dzenje la masentimita 50 m'lifupi, m'litali ndi kuya kwake, musakanize dothi la pamwamba ndi ndowa imodzi ya manyowa. Ng'ambani chubu mosamala kuti dothi lisagumuke, makamaka kwa bougainvillea amene mizu yake imathyoka msanga. Tsinde likwiriridwe kulekeza pamene linalekezera m'chubu. Phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde kuopa chiswe ndi kuola.

Musanathirire, pisani chala m'dothi. Ngati pansi pali chinyezi, dikirani. Ndi bwino kuthirira kwambiri kawiri pa sabata kusiyana ndi kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse, chifukwa madzi olowa pansi amakokera mizu pansi. Thirirani m'mawa kapena madzulo. Kumene madzi ndi ogula kapena mjigo uli kutali, madzi otsukuluzira zovala ndi osambira amathandiza pa zitsamba zobzalidwa pansi, malinga ngati alibe mchere, mafuta kapena mankhwala oyeretsera zovala. Duwa likafota dothi lili lonyowa, ndipo masamba a m'munsi akuchita chikasu, musaonjezere madzi; mizu yayamba kuola. Ndipo musalole madzi kukhalitsa m'mbale za pansi pa miphika kapena m'matayala, muli malo oswanirana udzudzu.

Kuchulukitsa maluwa popanda ndalama

Amene amabzala chinangwa akudziwa kale ntchito imeneyi. Sankhani nthambi yathanzi yonenepa ngati pensulo, muidule masentimita 15 mpaka 20, ikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Dulani kunsi kwa mfundo ndi mpeni wakuthwa, chotsani masamba a m'munsi ndi maluwa onse, muzike theka lake m'chubu cha mchenga wosakaniza ndi dothi. Onetsetsani kuti maso akuyang'ana kumwamba. Ikani pamthunzi, dothi likhale lachinyezi koma losadikha madzi. Hibiscus ndi croton amatulutsa mizu m'masabata 4 mpaka 8. Bougainvillea amachedwerapo ndipo zina zimalephera, choncho zikani zambiri. Musamazule kuti muone ngati zagwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Frangipani ndi wosiyana. Nthambi yake isiyeni pamthunzi sabata imodzi kapena awiri kuti bala liume musanazike, apo ayi imaola. Geranium amafuna tsiku limodzi lokha. Canna ndi alovera mumangogawa ana ake monga timachitira ndi nthochi. Chitsamba chovuta kugwira, pindani nthambi yake ya m'munsi, muikande pang'ono, muikwirire ndi dothi n'kutsendereza ndi mwala, ndipo mudzaidule itatulutsa mizu.

Tizilombo

Tizilombo ta maluwa ndi tomwe tija ta kumunda. Nsabwe zimaunjikana kunsonga n'kupinda masamba. Tizilombo toyera ngati thonje, ta mtundu wa kodikodi wa chinangwa, timabisala m'mfundo za hibiscus ndi croton. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa chitsamba, yang'anani kuseri kwa masamba, pakuti zimatsatira madzi otsekemera amene tizilomboti timatulutsa. Sungunulani kachidutswa ka sopo wochapira, kochepera bokosi la machesi, m'malita 5 a madzi, muwaze madzulo kuseri kwa masamba, ndipo mubwereze pakatha sabata. Yesani kaye pa nthambi imodzi. Madzi a masamba a nimu osinja ndi kunyika usiku wonse amathandizanso. Nthambi yogwidwa kwambiri idulidwe. Mankhwala a thonje ndi a fodya si opopera pakhonde pamene ana amadyera nsima.

Pogula ndi pogulitsa

Safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama funsani mafunso anayi: dzina lake ndani, limakula bwanji, limafuna dzuwa kapena mthunzi, ndipo lili ndi poizoni kapena ayi. Tembenuzani masamba muone ngati mulibe tizilombo. Gwedezani tsinde pang'ono. Likagwedera, ndi nthambi yongozikidwa dzulo, ilibe mizu. Mbande yaifupi ya nthambi zambiri imaposa yaitali ya duwa limodzi. Wogulitsa akalephera kuyankha, tengani nthambi ya masamba, duwa ndi chipatso, mukaonetse alangizi a zaulimi kapena a zankhalango. Amene muli pafupi ndi Zomba, bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens lili ndi akatswiri a maina a zomera.

Maluwa a m'tchire asiyeni kwawo. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a banja la chinaka, koma ambiri otere akakumbidwa amafa pakhomo, chifukwa amadalira bowa wosaoneka wa m'nthaka ya kwawo.

Kwa inu amene mukufuna kuyamba nazale yogulitsa, yambani ndi mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi imene mukuidziwa bwino ndiponso yoyenera dera lanu. Lembani dzina pa chubu chilichonse. Musagulitse mbande yopanda mizu, musagulitse lantana kapena namasupuni, ndipo wofuna oleander mumuuze zoona zake. Wogula amene duwa lake lagwira amabweranso ndi mnansi wake.

Ntchito ya sabata ino ndi yochepa. Zungulirani pakhomo panu ndi ana anu, muime pa chomera chilichonse, muone ngati mungathe kuchitchula dzina. Aonetseni anawo zimene sayenera kuthyola kapena kuika m'kamwa. Chimene simukuchidziwa, dulani nthambi mukafunse. Zofunika kuzula muzizule nthaka ikafewa, muzikwirire m'dzenje lakuya kutali ndi khola, ndipo musambe m'manja ndi sopo mukamaliza. Pamalo pamene patsala, bzalanipo duwa limene mukulidziwa. Tidzakumanenso patsamba lomwe lino sabata ya mawa.